Miyendo ya Mwango

Okondedwa ba Anti Felizarda,

Muli bwanji ku Tete? Kuno ku komboni ya Kanyama tilipo, koma madzi a mvula analowanso m'nyumba. Amuna anga ba Nkole akali kunyamula masaka ganyu ikapezeka.

Anti, mwana wanga Mwango sali bwino. Anali atayamba kuyenda, manje akaimirira miyendo imanjenjemera, basi wagwa. Ku kiliniki ba nesi anangoti ni "weakness", kufooka kwa thupi, ati muzimudyetsa bwino. Ndikumupatsa mazira ndi nshawa, ine ndikugona ndi njala, koma palibe kusintha.

Dzulo ndinafunsa mayi wina wa ku Mozambique wogulitsa vitenge kuti mawu aja a "weakness" pa Chipwitikizi amati chiyani. Anati "fraqueza". Anti, amayi anga asanamwalire ankatchula mawu omwewo, ati ndiwo madokotala akumeneko ananena pa malemu mwana wanu Zito.

Ba Nkole sindinawauze. Abale awo adzati ni va kumtundu kwathu, adzandipitikitsa.

Mundikhululukire kukukumbutsani vowawa, koma ndilibe wina wofunsa. Zito atayamba kugwagwa, munakhala naye mpaka liti?

Yankhani msanga, chonde.

Ndine mwana wa achemwali anu,
Emelda