Mpendero wa Siketi Yanga

Nyumba yomaliza,
Mzere wa aphunzitsi.
14 Juni

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, kupatula maso aja amene ndamva kuti ayamba kuchita chifunga. Ine kuno ndili bwino, chimfine chokha ndicho chinandigwetsa sabata yatha koma chandisiya. Alamu, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera kalatayi. Chonde musadumphe mzere, ngakhale pamene muone kuti mpochititsa manyazi. Ndimakudziwani inu, nkhani mumaisalaza ngati mukusita malaya a mkwati.

Nkhani za kuno n'zochepa. Anandisamutsira m'nyumba yomaliza, kufupi ndi bwalo la mpira. Muli zipinda ziwiri ndi mipando iwiri, koma mpando winawo amakhalapo ndi makope a ana. Lachisanu likakwana aphunzitsi anzanga amakwera basi kupita kwa mabanja awo, sukulu yonse n'kuti zii, moti Loweruka masana ndimamva chitseko cha laibulale chikulira ndi mphepo. Nthawi zina ndimafika Lolemba ndisanayankhule ndi munthu, mawu n'kutuluka osasa pa phunziro loyamba. Ndimasungulumwa, Bambo. Ndalemba poyera chifukwa pafoni ndimangoti zonse zili bwino, inu n'kuti chabwino, basi tatha.

Munandifunsapo kuti za anthu akufa ndimaphunzitsazi zimathandiza chiyani. Ndinakuyankhani mwachidule ngati wapolisi, lero ndiyankhe bwino. Za mafumu ndi nkhondo ndimaphunzitsa chifukwa zimabwera pamayeso, koma mtima wanga uli pa zinthu zimene ana amaziona tsiku ndi tsiku osazifunsa. Ndimawafunsa kuti belu linayamba bwanji kulamulira anthu, ndani anaganiza zoti tiziima pamzere kuchipatala, nanga munthu asanakhale ndi chiphaso ankadziwika bwanji kuti ndi iyeyo. Mwana aliyense amabweretsa chinthu chimodzi cha kunyumba, ndipo lamulo langa ndi limodzi: usaganizire, kafunse mwini wake. Abweretsapo simbi yamakala, khadi la sikelo ya ana, ngakhale loko wopanda kiyi.

Ndiye Lachisanu lomaliza la teremu timaitana munthu wamkulu kuti adzatiuze za ntchito yake. Kunabwera azamba opuma amene anaseketsa anyamata mpaka manyazi anawagwira. Kunabweranso bambo wina wa ku positi ofesi, amene anati ankadziwa mnyamata amene wakanidwa pongoona kupyapyala kwa envulopu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuitana makolo a eni ake. Mwina mwayamba kuona kumene ndikulowera.

Masabata awiri apitawo tinali pa nkhani ya yunifolomu. Ndinawafotokozera kuti chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amapereka n'choti mwana wa wolemera ndi wa wosauka azioneka chimodzimodzi. M'kalasi mwanga muli mtsikana amene anzake amamutcha Loya, chifukwa ngakhale mutamuuza kuti madzi ndi onyowa amafuna umboni. Anaimika dzanja.

“Madamu, zimenezo n'zam'buku. Ife tonse muno timadziwana. Taonani.”

Anaimirira n'kugwira m'munsi mwa siketi yake. Panali mizere itatu yotuwa, wina pamwamba pa unzake, pamene nsalu inkapindidwa kale.

“Uwu ndi Folomu 1, uwu Folomu 2, uwu chaka chatha. Ndikatalika, mayi amangotsitsa mpendero. Ndiye histole yanga ndi imeneyi, Madamu, mundipatse malikisi.”

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, inenso ndinaseka. Ndinawauza kuti telala wodziwa ntchito amapinda nsalu yambiri m'kati, chifukwa mwana sasokeredwa za lero, amasokeredwa za chaka chamawa. Mawu anu amenewo, Bambo, anangotuluka okha. Loya sanachedwe.

“Iii, Madamu mukuzidziwa bwanji? Kodi bambo anu ankagwira ntchito yanji?”

“Ankachita za nsalu,” ndinatero, maso ali pa rejisitala.

“Za nsalu zake ziti? Anali ndi shopu?”

Belu linalira, ine n'kutola mabuku ngati wothawa mvula. Pofika pakhomo ndinadziwa kuti ndakukanani kachiwiri.

Koyamba mukukukumbuka, ngakhale simunakutchulepo. Ndinali Folomu 4 kusukulu yogonera konko. Siketi yanga inapsa ndi simbi, ine n'kulemba kalata yolira. Inu munasoka ina, n'kukwera basi theka la tsiku kudzaipereka nokha. Munafika pageti muli ndi tepi yoyezera nsalu m'khosi, mwaiwala kuivula monga mwa masiku onse, timaulusi tili mbuu pa thalauza. Ine ndinali ndi anzanga atatu, ana a mabwana, amene makolo awo ankabwera pagalimoto. Mmodzi anandinong'oneza kuti, “Ndani ameneyu?” Ine ndinati, “Ndi telala wathu.”

Munali pafupi, Bambo, mapazi atatu okha. Ndinaona dzanja lanu, limene munali mutatambasula kuti mundigwire paphewa, likubwerera. Kenaka munamasula pepala limene munakulungamo siketiyo, munagwada, munaiyerekeza m'chiuno mwanga, n'kunena mwaulemu ngati kwa kasitomala kuti, “Mukaiyese, mayi. Ikathina mutumize uthenga, tidzakonza.” Munakana ngakhale madzi. Ndinakuyang'anani mukupita kokwerera basi, tepi ikugwedera kumsana, ndipo sindinakuthamangireni.

Patha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Patchuthi munandilandira ngati palibe chinachitika. Pamaliro a mayi tinakhala mphasa imodzi, ine n'kumati ndinena lero, ndinena mawa. Paja amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndi digiri yanga ndakhala kuunako mpaka imvi zayamba. Mwina mumaganiza kuti sindibwerabwera kumudzi chifukwa chonyada. Ayi, ndimaopa khonde lija limene mumasokerapo. Ndikaona makina anu ndi mpando wanu wachikopa chong'ambika, mawu atatu aja amandilira m'khutu.

Siketiyo ndikadali nayo. Yayenda nane masukulu anayi, pansi pa sutikesi, ndipo sindinaifunsepo kanthu. Loweruka lapitali masana ndinaitulutsa, ndinakhala pakhomo pamene pali kuwala, n'kuchita zimene ndimauza ana. Ndinaitembenuza. Msoko wanu uli chilili, wowongoka ngati mzere wa m'kope. Ndinatenga lezala n'kudula ulusi wa mpendero pang'onopang'ono. Bambo, nsalu imene munapinda m'kati ndi yotalika zala zanga zinayi.

Ndinakhala nayo pamiyendo mpaka dzuwa linapendeka. Kunali kutatsala miyezi isanu kuti ndimalize sukulu. Kutalika ndinali nditasiya kalekale, ndipo inu munkadziwa, popeza miyeso yanga yonse munkailemba ndi choko kuseri kwa chitseko. Nsalunso nthawi imeneyo inkavuta, munkachita kulumikiza zidutswa kuti mupeze matumba. Nanga zala zinayi zimenezi munasiyira yani? Mwina linali dzanja chabe, lozolowera. Mwina munkaona kuti mwana wanuyu sanathe kukula, ngakhale tepi ikuti watha. Ndayesa kuyankha ndekha, koma lamulo ndinaika ndine: usaganizire, kafunse mwini wake. Ndiye ndikufunsa.

Lolemba ndinapita nayo m'kalasi. Ndinaipachika pa bolodi, mpendero uli lendee, ndipo ndinawauza zonse, za geti, za tepi, za mawu aja. Ndinati, “Bambo anga ndi telala. Akhala pa makina zaka makumi anayi, pakhonde la sitolo, ndipo theka la ana a kwathu anapita kusukulu atavala msoko wawo.”

Loya anaimikanso dzanja.

“Madamu, ndiye munapepesa?”

“Ayi.”

“Aaa, Madamu! Ife mumatidula malikisi tikapanda kufunsa agogo athu. Ndiye mlendo wa teremu ino akhale iwowo. Tikufuna tiwafunse tokha.”

Anzake onse anavomera, ena mpaka kumenya madesiki. Ahedi ndawauza, avomera.

Tsono pempho langa ndi ili. Bwerani Lachisanu lomaliza la mwezi wamawa. Achimwene andiuza kuti mukufuna kupereka makina kwa mwana wa azakhali chifukwa diso la singano simukulionanso. Makinawo ndi anu, chitani nawo mmene mwafunira, koma tepi, sizasi yaikulu ija ndi choko musapereke. Mubwere nazo. Mudzawauze anawa mmene munaphunzirira ntchito, mmene yunifolomu inkasokedwera kale mashopu asanadzaze za m'fakitale, ndi mmene munkadziwira kuti kunyumba kwa mwana kwavuta pongoona kolala yake. Zimenezo m'mabuku anga mulibe. Achimwene akakukwezani basi yam'mawa, ine mudzandipeza pageti. Pageti penipeni, Bambo, ana onse akuona.

Mukakana sindidzakudandaulani. Munthu amene anagwada pa fumbi tsiku lija ali ndi ufulu wokhala pakhonde pake. Koma dziwani kuti sindinaitane mlendo wina. Mukapanda kubwera, mpando udzakhala wopanda munthu kutsogolo kwa kalasi, ndipo ine ndidzaima pambali pake n'kuwauza anawo kuti zinthu zina ukachedwa nazo sizisokekanso. Limenelonso ndi phunziro, koma sindikulifuna.

Pepani, Bambo. Ndinalakwa tsiku lija, ndipo ndalakwa tsiku lililonse limene ndinakhala chete.

Mundiperekere moni kwa achimwene, muwauze kuti mankhwala a m'maso asamadumphitse. Moni kwa ana onse, makamaka wamng'ono uja amene sandidziwa nkhope. Alamu, zikomo powerenga. Ngati mwalira pukutani, muwawerengerenso ndime yotsatirayi mofatsa.

Mpando wachiwiri uja ndachotsapo makope, ndaupukuta, uli pafupi ndi zenera pamene pamawala bwino m'mawa. Siketi ndaisiya chomwecho, mpendero uli womasuka. Sindipita nayo kwa telala wina. Za diso la singano musade nazo nkhawa, ulusi ndidzakulowetserani ndine, monga ndinkachitira ndili wamng'ono, nditakhala pansi pafupi ndi phazi lanu.

Ndine mwana wanu,
mwana wa telala.