Funso la Amayi Felisita

Lachinayi. Mtima wandilemera.

Mtsikana wa ku univesidade, amene akufufuza za misonkhano, anatiitana ku parokiya kuti tipeze limodzi mafunso oti ayambire. Langa ndinapereka msanga, lachibwana: bwanji anthu amachedwa? Amayi Felisita, okalamba a kutsidya kwa mtsinje, anadikira mpaka kumapeto. Kenako anati, "Mwanawe, lemba ili: munthu akawomba m'manja, wavomera kapena akuopa? Ife nthawi ya nkhondo tinkawomba m'manja, mfuti zili pambali."

Ine ndatsogolera misonkhano zaka zambiri, ndipo anthu akawomba ndimatseka nkhani. Mwezi watha, nditagamula kuti mjigo ukumbidwe kwathu kuno osati kutsidya, amayiwa ndiwo anayamba kuwomba.