Ukwati Wanga Wagundana ndi Mphesa za Bambo

Aphungu,

Ndikukwatiwa! Mwamuna wake ndi Ceferino, amene amabweretsa alendo odzalawa vinyo kumunda kwathu pa kabasi kake. Anandifunsira tikutsuka matambula, ine n'kuswa awiri ndi chimwemwe.

Tinasankha dala Loweruka lomaliza la Epulo poganiza kuti tidzakhala titamaliza kuthyola mphesa. Koma chaka chino kuzizira kwanyanya, ndipo mphesa zachedwa kupsa. Dzulo bambo anga analawa imodzi, n'kutafuna ndi njere yomwe, n'kuti: "Zipsa Loweruka la ukwatilo. Tikadikira Lolemba, chisanu chiwauliratu zonse. Wansembe akhoza kudikira, mphesa ayi."

Mayi anawalumphira: "A Evaristo, ndiye mwanayu alowa m'tchalitchi atagwira mkono wa ndani? Wa thirakitala?"

Ndinaseka, koma mumtima zikundiwawa. Anthu makumi asanu ndi atatu akubwera, nkhosa zootcha tinakonza kale, ndipo azakhali a ku Esquel aphika makeke akuda odzaza tebulo. Ndinabadwa ndekha, ndipo ndikufuna bambo andiperekeze ku guwa. Komanso sindingapirire kuona thukuta lawo la chaka chonse likuwolera m'munda. Ndisinthe tsiku?

L.E.R., Trevelin

Mwanawe,

Tsiku usaligwire n'komwe. Ukudandaula chiyani uli ndi anthu makumi asanu ndi atatu, aliyense ndi manja awiri? Alendo a Ceferino amachoka ku Buenos Aires kudzapempha kuti athyoleko mphesa, ndiye abale ako akana bwanji?

Lero lomwe pita kwa wansembe, mwambo usunthire madzulo. Uuze oitanidwa onse kuti afike m'mawa atavala majuzi ndi magambutsi, zovala za ukwati zili m'zikwama. Bwereka masizasi kwa anansi. Pamzere uliwonse paime munthu wodziwa ntchito, chifukwa apongozi ako atsopano akhoza kudula ndi mtengo womwe. Botolo lisatsegulidwe sizasi yomaliza isanabwezedwe. Iweyo uthyole dengu limodzi lokha, ukasambe.

Koma chenjera ndi chinthu chimodzi: usawazazire bambo ako kuti akonda mphesa kuposa iwe. Abambo ambiri akamakwatitsa mwana wamkazi amasowa pobisa nkhope, ako apeza munda. Uwatsatire komweko, uwauze kuti: "Bambo, sindilowa m'tchalitchi popanda inu, ngakhale manja anu akhale akuda bii ndi mphesa."

Ndipo akakugwira n'kudetsa diresi loyeralo, usadzalichape.