Kusalira Hana

Chiwanga,
18 Ogasiti 1924

Okondedwa alongo anga a Rakele,

Sitima ya mishoni yaima pagombe kuyambira m'mawa, ndipo akuti ikangotha kukweza nkhuni inyamuka, choncho mukaona zilembo zikuvina musati ndinaiwala sukulu. Kalatayi muwawerengere amayi ndi a kwawo kwa Hana, koma pochititsa manyazi muzidumpha. Nkhani imene mukuidikira ndaiika kumapeto dala, chifukwa ndikayamba nayo simumveranso zimene ndiyenera kuulula.

Munandifunsa ngati ndimadandaula kuti ndinasiya mapiri athu a ku Kayoyo n'kuwoloka nyanja kudzaphunzitsa m'dziko la Apwitikizi. Sindidandaula. Ana makumi atatu amakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumalemba pamchenga ndi chala, mphepo ikafufuta timayambiranso. Sukulu ikatha ndimatsuka zilonda ndi kuzula matekenya. Anthu kuno ndi osauka zedi, amuna ambiri anapita ku mtengatenga kukasenza katundu wa azungu, koma simungadutse pomwe ayanika usipa osakutapirani m'manja. Tsiku lina ndinamva asodzi akukoka khoka ndi nyimbo ya Pasaka imene ndinaphunzitsa ana awo, mawu onse atawapotoza, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Ntchitoyi ndimaikonda, alongo. Komabe chaka chino mtima wanga sunakhale pansi ngakhale tsiku limodzi, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa: ana athu awiri tinawaika ku Kayoyo asanapatsidwe mayina, ndipo Hana anali ndi pakati kachitatu.

Kuseri kwa nyumba yathu kumakhala Asilamu, ndipo pakati pawo pali mayi wina wachikulire, a Arafa, mzamba wa mudzi wonse. Mimba itayamba kuoneka, mayiwa ankabwera masana kudzamusisita Hana msana ndi mafuta. Tsiku lina ndinapha nkhuku kuti tiwathokoze, iwo anakana, osalawa n'komwe. Ndinali nditamvapo kuti Msilamu sadya nyama yozinga munthu wachipembedzo china, koma mtima wamantha sukumbuka zimenezo. Ndinangoti anyansidwa nafe.

Sabata yomweyo tikufolera tchalitchi, a Marko, msodzi amene ndi mkulu wa mpingo wathu kuno, anandiitana monga anthu amaitanira mphunzitsi kunoko n'kundiuza kuti, "Amwalimu, mwamva? Amayi Arafa akuwasalira akazi anu tsiku lililonse, ndipo awauza akazi anzawo onse kuti aziwasalira."

Alongo, inu ndi ine tinakulira kumene kusala munthu ndi kumupewa ngati wakhate. Ndinati basi, amva za ana aja, akumuyesa Hana wa minyama, ndipo kusisita konse kuja n'kwachiphamaso. A Marko sindinawafunse kanthu. Ndinati mphunzitsi wathunthu ndikafunse msodzi tanthauzo la mawu? Paja amati safunsa anadya phula. Mawa lake ndinawachingamira a Arafa panjira n'kuwauza kuti asadzapondenso pabwalo langa. Anaika pansi kachikho ka mafuta, n'kubwerera. Apa ndiye mudumphe: Hana ndinamunamiza kuti mayiwo atanganidwa. Analira masiku awiri poganiza kuti anawalakwira, ine ndili chete, ndikudziona ngati mwamuna woteteza mkazi wake.

Ndinkadalira kuti nthawi ikayandikira ndidzapita naye pabwato kwa namwino wa mishoni, ulendo wa tsiku lathunthu. Koma mwera unauka n'kuwomba masiku asanu ndi anayi, ndipo panalibe msodzi wolola kuika bwato pamadzi. M'mawa uliwonse ndinkapita kukaona mafunde ngati kuwayang'anako kuwachepetsa. Ana ankandifunsa chifukwa chimene ndikuwaphunzitsa mawu omwewo kachitatu.

Matenda anayamba Lachinayi m'mawa, ine ndili kusukulu. Dzuwa linafika pamutu mwana asanabadwe. Mmodzi mwa amayi awiri a mpingo amene anali m'nyumbamo anatuluka n'kundiuza kuti mwana wagona mopingasa, Hana mphamvu zikumuthera, ndipo m'Chiwanga monse wodziwa kutembenuza mwana ndi mmodzi yekha. Anandifunsa kuti a Arafa ali kuti masiku onsewa. Ndinangothamanga.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo atagwada pamkeka, chipumi chili pansi. Sanatembenuke. Ndinaima pamenepo mchenga ukunditentha mapazi, ndikuganiza kuti akundilanga, ndipo sindikanawanena. Atamaliza ndinagwada, mawu onse amene ndinakonza panjira atathawa.

Ndinati, "Amayi, ndikudziwa kuti mumamusala mkazi wanga, koma akufa."

Iwo akupinda mkeka anati, "Kumusala? Ine ndimamusalira, amwalimu. Panopa mwandipeza ndikumusalira. Kasanu pa tsiku, ndipo chindithamangitsireni sindinaphonyepo."

Anatambasula manja kuloza kumwamba kuti ndimve, monga ndimachitira ndi ana a sukulu osamva msanga. Apo m'pamene ndinazindikira kuti kwa iwo kusali ndi kupemphera. Miyezi itatu yonse, akazi amene ndinkawadutsa osawapatsa moni ankamutchula Hana pamaso pa Mulungu. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Sanadikire kupepesa kwanga. Anatenga nsalu ndi mafuta n'kuyamba kuthamanga, ndipo mayi wa imvi uja anandisiya m'mbuyo. Titafika anandithamangitsa pabwalo langa lomwe, akuti ndipite kutchalitchi kwanga ndikasali nanenso. Ndinapita, koma buku la mapemphero ndinkangolitsegula n'kulitseka. Ndinazungulira tchalitchi kangati sindikudziwa, a Marko atakhala pakhomo akundiyang'ana. Dzuwa litapendeka ndinamva nthungululu kuchokera kunyumba.

Hana ali moyo. Akadali wofooka, koma akumwa phala ndipo dzulo anayenda mpaka pakhomo. Ndinamuululira zonse. Mawa lake anati denga la a Arafa likudontha ndipo ine kufolera ndimakudziwa. Ndayamba kale kumweta udzu. Chimene chikundisowetsa mtendere tsopano ndi lipoti lopita kwa apadiri, ansembe a mishoni. Amafuna ndilembe anthu amene ntchito yathu yawathandiza, ndipo papepalalo palibe malo olembapo amene anatithandiza ife. A Arafa kutchalitchi sadzabwera, anandiuza okha mosapita m'mbali, ndipo mawa lake anabwera kudzasambitsa Hana.

Amayi muwauze pang'onopang'ono kuti chaka chino sitibwera. Ndikudziwa ndinalonjeza, koma Hana sangakwere sitima, ndipo iye mwini akuti sachoka pafupi ndi mzamba wake. Mukapeza wobwera kuno mutitumizire nyemba ndi mtedza, chifukwa kuno n'chinangwa ndi nsomba basi, ndipo Hana akulakalaka za kwathu.

Sitima yalira, nditsirize. Moni kwa amayi, kwa alamu, ndi kwa onse a kwawo kwa Hana. Hana akupereka moni, akuti musandikalipire kwambiri, iye wachita kale. A Arafa akuti moni kwa amayi, ndipo akuti mwana wawo ndi munthu wabwino, vuto ndi makutu okha. Muziwatchula m'mapemphero anu, dzina lawo lisakuvuteni.

Wina sangathe kupereka moni. Ndi wamkazi, wa masiku khumi ndi limodzi, ndipo dzina tikudikira kuti amayi atchule. Akulira pano ndikulemba, ndipo Hana akuti ndisiye cholembera ndimunyamule atonthole. Ndikuchedwa dala, alongo. Awiri aja mawu awo sitinawamve, ndipo uyu sindinakhute kumumva.

Ine mlongo wanu,
Hosea