Tinabwerera pa mlatho wa Muloza

Abambo, kodi kumene muliko mukupezako bwanji?

Ndine Rozalina, mwana wanu woyamba. Nyengo ya mvula yadutsa kawiri chikuikireni m'manda, ndipo ine ndikadali ku Milange kuno, m'loja yanu ija. Mashelefu amene munkadzaza sopo, shuga, mafuta a nyale ndi nsalu za kapulana angotsala ndi mchere pang'ono ndi machesi. Msewu wa ku Mocuba unatsekeka, galimoto ya katundu sibweranso. Kumunda waukulu sitipitako, a m'tchire, zigawenga zija, anakwirirako mabomba. Chaka chino ndakolola chimanga cha kuseri kwa nyumba, madengu awiri okha.

Nkhani yabwino ndi yakuti Tereza, mng'ono wanga amene anathawira ku Malawi ndi mwamuna wake, wabereka mwana wamwamuna. Amutcha Bernardo, dzina lanu. Uthenga unabwera ndi wogulitsa nsomba zouma. Akuti makutu ndi anu enieni. Ine sindinamuone.

Anthu sanakuiwaleni. Mjigo wa pa tchalitchi unawonongeka, ndipo palibe amene akudziwa kuumasula monga munkachitira. Ndimakumbukira mukutseka loja dzuwa lili pamutu, ogula ali pakhomo, chifukwa kwinakwake kuli wodwala wofunika kupita naye kuchipatala. Munkapalasa njinga ndi mwendo wotsimphina uja, umene munalasidwa pa nkhondo yochotsa Apwitikizi. Ndikafunsa za nkhondoyo munkangoti, "Iwe, yeza mcherewo bwino, usabere munthu." Kamodzi kokha munandiyankha: "Ndinagwira mfuti kuti ana anga asadzaione." Abambo, tikuiona tsiku ndi tsiku.

Tsopano za amayi. Anafa ziwalo mbali yakumanja, sayenda. Mwezi watha mfuti zitalira masiku atatu kuphiri, ndinawamanga ndi kapulana pa kaliyala ya njinga yanu, ndi kuikankha mpaka pa mlatho wa Muloza, m'malire ndi Malawi. Tsidya linalo ndinkaliona bwinobwino, minda ya tiyi, azimayi akuchapa mumtsinje ngati kulibe kanthu.

Msilikali anatiimitsa. "Giya ili kuti?" Ankanena chikalata cha ulendo chija. Ndinati ofesi yolembera inatsekedwa kalekale. Iye anati tibwerere. Pamenepo panafika mkulu wa asilikaliwo, wa imvi, ndi kuyang'anitsitsa njingayo.

"Iyi si ya a Bernardo a pa loja? Inanyamula mkazi wanga ali pakati." Anatsitsa mawu. "Dutsani msanga, mayi. Mawa akundisamutsa, wobwerayo sakudziwani."

Ndinakankha. Tayala lakutsogolo litakwera pa mlatho, amayi anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Rozalina, tembenuza."

"Amayi, Tereza ali apo. Mdzukulu wanu ali apo!"

"Bambo ako ndawasiya okha. Zaka zisanu ndinawadikira ali kunkhondo, sindinasunthe. Ndisunthe lero? Pita iweyo, unditsitse pompano."

Ndinawachonderera, ndinagwada, anthu akutilambalala ndi mitolo pamutu. Iwo anayamba kumasula mfundo ya kapulana ndi mano. Ndinaona kuti agwa. Ndinatembenuza njinga.

Ndikuululireni, abambo. Njira yonse yobwerera ndinali nditakwiyira inu. Munathandiza tauni yonse, ndipo ngakhale muli m'manda munatitsegulira mlatho, koma ndinu nomwe mwatimangirira kuno. Ndinalira mpaka kufika pakhomo. Amayi anangopempha madzi. Mundikhululukire.

Pano pa mlatho sadutsitsanso munthu wopanda giya. Ena akuwolokera kumunsi, madzi a m'chiuno, koma munthu wosayenda ndingamuwolotse bwanji? Aneba akutha mmodzimmodzi. Pa mzere wathu wonse utsi ukufuka m'nyumba zitatu zokha. M'mawa ndimawasambitsa amayi, ndi kuwakhazika pakhonde poyang'ana kumanda, ndipo amakuuzani nkhani zawo. Mukamawamva, auzeni adye, chifukwa ine sakundimvera.

Sindikudziwa ngati a m'tchire alowe m'tauni mwezi uno kapena wamawa. Akalowa adzatipeza tonse awiri. Amayi sindiwasiya, abambo, ndalonjeza. Ndipo tsiku lawo likadzakwana ndidzawagoneka pambali panu, ngakhale kutakhala kulibe mwamuna wogwira khasu, ndidzakumba ndekha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozalina