Malata Amene Sindinagule

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi adzukulu. Kuno tilipo, kungoti bondo lija silikundipatsa mtendere. Akundilembera ndi aphunzitsi opuma aja oyandikana nafe, ndipo ndawauza kuti asakometse mawu.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma kubereka ndinabereka. Mkulu wako amayendetsa ambulansi, mlongo wako ndi namwino, iwe ndiwe woyendera nyumba zongomangidwa kumene, ndipo usanadinde chidindo chako palibe wolowamo. Mng'ono wako yekha ndiye anakhala zaka zitatu osapeza ntchito.

Utakwezedwa, kalata yako ija ndinkayenda nayo m'thumba, kuonetsa aliyense, ngakhale pamzere wa kuchipatala. Pamzerepo ndi pamene ndinadziwana ndi a kontalakita ena, eni kampani yomanga nyumba. Anandinyamula pa galimoto mpaka pakhomo. Ataona denga likudontha, anatumiza amisiri ndi malata atsopano. Kenako mng'ono wako anamulemba ntchito yosunga makiyi a mosungira simenti. Ndikati ndilipire, ankaseka, amvekere kholo sililipira mwana wake.

Ine ndinkangoti anthu akutikonda. Anandidzutsa ndi mayi ako. Anandifunsa kuti denga la mnansi wathu wamasiye, lodontha kuposa lathu, a kontalakita saliona kodi? Zaka zonse tinkayenda wapansi zija, galimotoyo inalibe mafuta? Nanga bwanji akabwera bondo amalifunsa kamodzi, ntchito yako katatu? Ndinawakalipira.

Lamulungu lapitali a kontalakita anabweranso. Anati kumapeto kwa mwezi wamawa ukudzayendera sukulu imene amanga, ndipo ndingokupatsira moni, popeza tsopano ndife banja limodzi. Sanapemphe kanthu. Atachoka, mng'ono wako anaulula akulira kuti theka la simenti silinalowe m'makoma, ming'alu anangoimata n'kupaka penti.

Mwana wanga, chiphuphu chako ndinadya ndine, osagwira ngakhale ndalama imodzi. Ukadinda, ana a eni adzaphunzira m'makoma amenewo. Ukakana, mng'ono wako amuchotsa, ndipo mabwana ako amva kuti bambo ako akugona pansi pa malata a kontalakita. Adzakhulupirira ndani kuti iwe sunkadziwa? Ndinafuna kuwazula malatawo, koma mvula yayamba, ndipo makwerero sindingakwerenso.

Sindikukuuza chochita, chifukwa sindikuchidziwa. Ndakhala ndikukulangizani moyo wanga wonse, lero malangizo andithera.

Mulungu akusunge. Undiperekere moni kwa apongozi, adzukulu uwauze kuti agogo awasowa.

Tonse tidzakumana kuno pa msonkhano wa banja pa 9 mwezi wamawa, tsiku lako loyendera lisanafike. Udzabwere pa basi, a kontalakita akakutumizira galimoto usakwere. Mipando ya tsikulo a kontalakita alonjeza kale kuti abweretsa, ndipo pakamwa panga panalemera kuwakaniza.

Ndine,
Bambo ako