Kiyi ya Seva Yakufa

Lachisanu madzulo, pa boda ya Mwanza. Kwatentha, mutu ukuwawa. Ine ndimayang'anira makompyuta a ofesi yoona katundu wodutsa pano.

Seva yoyamba, imodzi mwa makompyuta athu awiri akuluakulu, yathima m'mawa itagwirabe disiki yosungira mapepala onse. Maseva athu amafika ku disiki kudzera njira ziwiri, ndipo yomwe ikulembapo imalembetsa kiyi yake, yomwe ndi nambala chabe, pa njira zonsezo kuti inzake isalowerere. Tsopano mwini kiyi, seva yoyamba ija, wafa. Yachiwiri ikugogoda uku ndi uku, disiki ikukana kuti malo ali ndi mwini wake.

Ndinawauza a Banda, abwana athu, kuti vuto ndi kiyi. Iwo n'kuitana mlonda kuti abwere ndi makiyi onse a ofesi! Sindinaseke. Panja madalaivala a mathiraki akutukwana, mapepala a katundu wawo atsekeredwa m'disikimo.

Kuchotsa kiyiyo ndimatha, koma chilolezo chili ndi akuluakulu a ku Blantyre, ndipo foni sakuyankha. A Banda akuti, "Achimwene, musasunthe mpaka zitheke."

Mawa n'chinkhoswe cha mlongo wanga ku Thambani, nkhoswe ndine. Amayi aimba kale kufunsa ngati ndanyamuka. Ndiwauze chiyani? Kuti inenso ndili ngati disiki ija: wina anandilembetsa, kenako iye n'kuzimitsa foni...